Za Mabasi a ku London ndi Nyumba Yowakonzera

Ambiri a ife tikaona basi itafa pa mseu, anthu atakhala pansi pa mtengo ndi akatundu ao kudikira makaniko, timangoti, "Yakalamba imeneyi, agule ina." Koma kodi ukalamba wa basi uwerengedwa ndi zaka zokha? M'nkhani ino ndifuna kuti tione zimene zinacitika mu mzinda wa London, kumene mabasi ena anagwira nchito zaka zoposa 40, pamene ena amene anagulidwa kuti alowe m'malo mwao anayamba kugulitsidwa zisanakwane ndi zaka 10 zomwe.

Bungwe limene linali kuyendetsa mabasi a mumzindamo, la London Transport, linali ndi nyumba yaikuru yokonzeramo mabasi pa malo ochedwa Aldenham, ca kumpoto kwa London. Poyamba nyumbayi anaimangira masitima a pansi pa nthaka, koma nkhondo yaciwiri inaimitsa nchito ya njanjiyo ndipo sinapitirizidwenso. M'masiku a nkhondo anapangiramo ziwalo za ndege, ndipo mu 1956 inatsegulidwa monga cipatala ca mabasi. Ndati cipatala, koma mau amenewa sakwanira bwino, pakuti ku cipatala kumapita odwala okha, pamene ku Aldenham basi inali kupita ngakhale iri bwino-bwino, nthawi yake ikangokwana, monga patapita zaka 4 kapena 5.

Tsono taonani zimene zinali kucitika basi ikalowa. Amisiri anali kumasula thupi lake, limene amakaniko amalicha bodi, kulilekanitsa ndi cimango ca citsulo ca pansi cimene amacicha chasisi. Makina onyamulira anali kukweza bodi yonse m'mwamba ndi kuipititsa ku mbali yake. Kumeneko anali kuitembenuza kuti aitsuke kunsi ndi nthunzi yotentha, nafufuza pamene pali ponse pamene padyeka kapena pang'aluka, nacotsa mipando kuti ikasokedwenso, napaka penti watsopano. Chasisi nayo inali kupita kwina, kumene anali kuiphwasula kufikira mabuleki ndi masipuling'i. Injini ndi giyabokosi zinali ndi nyumba yao ina ku Chiswick. Motero mabasi pafupi-fupi 50 anali kuturuka mlungu uli wonse ali ngati atsopano.

Pali cinthu cimodzi codabwitsa pamenepa. Kukonza bodi kunali kutenga masiku ambiri koposa kukonza chasisi. Cifukwa ca ici sanali kudikira kuti ziwirizi zikumanenso. Chasisi ikatha anali kuiveka bodi ina iri yonse imene yatha, ndipo nambala ya basi imene yalowa kumene anali kuipatsa basi ina imene iri pafupi kuturuka. Mwa njira iyi msonkho wa pa mseu umene analipira pa nambala ija sunali kupita pacabe basi iri gone m'nyumba. Kondakitala akanatha kulumbira kuti basi yake yabwerako msanga, osadziwa kuti cimene cabwerako ndi nambala yokha.

Zonsezi zinatheka cifukwa mabasiwo anali ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. A mtundu wa RT ndi abale ake anali pafupi-fupi 7,000, ndipo ciwalo ca imodzi cinali kulowa pa inzake popanda kusema. Pambuyo pake London Transport, pamodzi ndi makampani a AEC ndi Park Royal, inakonza basi ina yosanja yochedwa Routemaster. Yoyamba inaonetsedwa mu 1954, inayamba kunyamula anthu mu 1956, ndipo pofika 1968 anali atapanga 2,876. Bodi yake inali ya aluminiyamu, imene sicita dzimbiri monga citsulo, ndipo inali ndi mipando 64 pamene RT inali ndi 56, koma osailemera kuposa. Cacikuru n'cakuti amene anaijambula anali kuganizira Aldenham kuyambira pa ciyambi: mbali iri yonse anaipanga kuti imasuke msanga ndi kubwezedwa msanga.

Koma Routemaster inali kufuna anthu awiri, dalaivala ndi kondakitala, ndipo malipiro a anchito anali kukwera. Akuru-akuru anaganiza zogula mabasi okhala ndi zitseko ndi injini kumbuyo, oti dalaivala yekha azilandiranso ndalama. Anagula a mtundu wa Daimler Fleetline, amene ku London anali kuwacha DMS. Anayamba kuyenda mu 1971, ndipo kufikira 1978 analandira 2,646. Mabasi awa sanapangidwire London yokha, anali a pa msika, ofanana ndi a mizinda ina. Bodi yake sinali yoti n'kumaikweza ndi kuisinthanitsa monga zija za kale, kotero njira yonse ya ku Aldenham sinawayenere. Amakaniko a m'magaraji, amene anazolowera kungocotsa ciwalo cakufa ndi kuikapo cokonzedwa kale, anapeza kuti masipeya akusowa, pakuti m'zaka zimenezo mafakitale a magalimoto a ku Britain anali pa mabvuto. Mabasi ambiri anangoima m'magaraji. Mu 1979, patangopita caka cimodzi cilandirire otsiriza, oyamba aja anayamba kucotsedwa pa nchito.

Ena amati basiyo inali yoipa. Ine sindibvomereza kweni-kweni, cifukwa ambiri a mabasi amene London inawakana anagulidwa ndi makampani ena a ku Britain ndi a ku Hong Kong, nayenda zaka zina zambiri. Colakwa cinali kugula basi ya mtundu wina osasintha nyumba, zida ndi maphunziro a anthu oikonza.

Palinso phunziro la masamu, limene anzathu a Fomu 1 angathe kuliwerengera okha. Tiyerekeze kuti kampani iri ndi mabasi 120, ndipo basi iri yonse ikhala zaka 12. Ikamagula 10 caka ciri conse ndi kupumitsa 10 akale, ndalama zituruka pang'ono-pang'ono, ndipo ngati mtundu watsopano uli ndi cirema, cidzaoneka pa mabasi 10 okha. Koma ikagula onse 120 caka cimodzi, onsewo adzafuna injini zatsopano nthawi imodzi, nadzakalamba nthawi imodzi, ndipo cirema ca imodzi cidzakhala ca onse. Pamenepo wobvutika si mwini kampani yekha, komanso wanchito amene acedwa ku nchito ndi mwana wa sukulu amene aimirira pa siteji m'mvula.

Nanga Routemaster inatha bwanji? Aldenham inatsekedwa mu 1986, pakuti mabasi oiyenera anali atacepa, koma ma Routemaster mazana angapo anaikidwa injini zatsopano m'zaka zoyamba za m'ma 1990, napitiriza kuyenda pakati pa mzinda. Cimene cinawacotsa si kutha kwa injini ai. Khomo lao la kumbuyo linali lopanda citseko, ndipo anthu ena anali kugwa podumphira basi iri kuyenda; ndiponso munthu wa pa njinga ya olumala sakanatha kukwera, pamene lamulo la 1995 linali litayamba kuteteza anthu otere. Ulendo wao wotsiriza pa nchito ya masiku onse unali pa 9 December 2005, pa njira ya nambala 159. Pambuyo pake ocepa okha anatsala kwa zaka zina pa njira ziwiri zazifupi, kunyamula maka-maka alendo odzaona mzinda.