Kuphunzitsa za Chuku Chakuda cha pa Masamba a Mitengo

Pa sukulu zambiri pamapezeka mtengo wa mango, wa mandimu kapena wa magwafa umene masamba ake ena adada bii, ngati kuti munthu adawapaka mwaye wa m'khitchini. Mukafunsa ana chimene chidadetsa masambawo, ambiri adzati ndi utsi, ena adzati tsamba laola ndi matenda. Mayankho onse aŵiri ndi olakwa, koma mphunzitsi asafulumire kuwakana. Nkwabwino kuti anawo atsutsidwe ndi tsamba lenilenilo.

Chakudacho ndi chuku, cha gulu limodzi la zamoyo ndi chija chimamera pa nsima yogonetsa. Dzina lodziŵika kwambiri kwa akatswiri ndi Capnodium, ngakhale kuti kaŵirikaŵiri pa tsamba limodzi pamakhala mitundu ingapo yosakanikirana, yosatheka kuisiyanitsa ndi maso. Chuku chimenechi sichiloŵa m'kati mwa tsamba. Chakudya chake ndi timadzi totsekemera totuluka m'matupi a tizilombo toyamwa madzi a mtengo, monga nsabwe za m'masamba, kodikodi woyera ngati thonje, ndi tina tooneka ngati timamba tomatirira pa tsamba. Madzi a mtengo ali ndi shuga wochuluka kuposa amene tizilomboti timafuna, choncho wotsalayo timataya, ndipo amadonthera pa masamba a m'munsi. Pamenepo mpamene chuku chimamera.

Phunziro lotere silichitikira pa bolodi. Tulukani ndi ana, muwagaŵe m'magulu a anthu 5 kapena 6, gulu lililonse ndi kansalu konyowa. Ayambe agwira tsamba lakudalo ndi chala: adzamva kuti likunanda. Kenaka alipukute. Chakudacho chidzachoka, ndipo pansi pake padzaoneka tsamba lobiriŵira, lopanda bala. Apa mpamene pagona phunziro lonse, choncho musathamangire. Apatseni tsamba lina la mango la madontho akuda a matenda enieni, amene mudalithyola dzulo lake, kuti alipukutenso. Madonthowo sadzachoka, chifukwa ali m'mnofu wa tsamba. Mwana amene wapukuta masamba aŵiriŵa ndi dzanja lake sadzawasokonezanso.

Tsono afunseni kuti timadzi tonandato tachokera kuti. Ana amayang'ana pansi, pamene yankho lili pamwamba. Auzeni atembenuze masamba a nthambi imene ili pamwamba pa masamba akudawo, makamaka ku nsonga zanthete, ndipo tizilombo adzatipeza kunsi kwa tsamba. Aonenso thunthu la mtengo. Ngati pali mzere wa nyerere zokwera ndi kutsika, umenewo ndi umboni wina, pakuti nyerere zimamwa timadzi tomweto ndipo zimaŵeta tizilomboti monga munthu aŵetera ng'ombe, nkumapirikitsa adani amene akadatidya. Amene adati ndi utsi afunsidwe chifukwa chake mtengo wa kutali ndi moto wadanso, pamene wina woyandikana nawo sudade.

Kumene kuli galasi lokulitsa zinthu, matani selotepi pa tsamba, muimatule, nkuiika pa pepala loyera. Pa maikulosikopu timaulusi ta chukucho timaoneka toderapo, tina tolumikizana ngati mikanda.

Ana asachoke ndi maganizo akuti chukuchi nchosavulaza. Chikachuluka chimatchinga kuŵala kwa dzuŵa, tsamba nkulephera kupanga chakudya chokwanira, ndiponso zipatso zodetsedwa sizigulidwa bwino pa msika. Koma mlimi wogula mankhwala ophera chuku amangotaya ndalama, chifukwa chimabwereranso malinga ngati tizilombo tilipo. Pa mtengo waung'ono wa pa sukulu, ana angathe kupopera madzi a sopo pang'ono kunsi kwa masamba madzulo dzuŵa litapepa, ndi kudulira nthambi zothithikana. Amange kachingwe pa nthambi imene apopera, ina aisiye chomwecho, ndipo mlungu uliwonse azilemba m'makope mwawo maonekedwe a masamba atsopano a nthambi ziŵirizo.