Mvekero Pofotokoza Katuni ya Tom and Jerry

Katuni ya Tom and Jerry anaiyambitsa William Hanna ndi Joseph Barbera ku America mu 1940, ndipo awiriwa anapanga zigawo 114 kufikira mu 1958. Chochititsa chidwi kwa wophunzira chiyankhulo n'chakuti mphaka ndi mbewayi siziyankhula kawirikawiri. Nkhani yonse imayenda ndi zochita komanso nyimbo. Nanga munthu angaifotokoze bwanji m'Chichewa osaisukulutsa?

Titenge chigawo cha The Cat Concerto cha mu 1947, chomwe chinapata mphoto ya Oscar. Tom akuimba piyano pamaso pa anthu, nyimbo ya Franz Liszt, osadziwa kuti Jerry wagona m'kati mwake. Tikangoti "Jerry anadzuka, natulukira, ndipo pamapeto Tom anagwa atatopa," sitinaname, koma palibe mwana angaseke. Koma tikati Jerry kutulo dzambatu, pamwamba pa piyano balamanthu, kenaka Tom ali wefuwefu mpaka thapsa, womvera amaona chinthucho ndi maso. Mawu amodzi oti "thapsa" akutiuza kuti wagwa molemera, thupi lonse lalefuka, ndipo sadzuka msanga, pamene Jerry akulandira m'manja mosayenera.

Ena amati mvekero ndi mawu a ana kapena a agogo okamba nthano za Kalulu, osayenera m'chimangirizo. Ine sindikuvomereza. Chofunika n'kusankha malo ake, chifukwa mvekero wochulukitsa amabisa amene wachita chinthu, makamaka pomwe Tom ndi Jerry akubwezerana mothamanga pakati pa nyimboyo.