KUBWEZERA GUDUMU LAKUTSOGOLO LA NJINGA YAMOTO

Masiku ano njinga zamoto zachuluka m'midzi mwathu. Aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi anyamata a kabaza akuyendera zimenezi, ndipo ambiri a iwo amadziwa kale kumata chubu ndi kusintha tayala. Koma ntchito siithera pa kupopa mpweya ayi. Pamene pamabisala ngozi ndi pobwezera gudumu, makamaka lakutsogolo, pakuti ndilo limawongolera njinga, ndiponso ndilo limagwira ntchito yaikulu poimitsa.

Poyamba imikani njinga pamalo olimba, ndipo muike chipika pansi pa injini kuti kutsogolo kunyamuke. Yalani thumba pansi poikapo zitsulo zimene mwamasula, chifukwa mchenga umadya mabelingi msanga. Kenaka yang'anani m'mbali mwa tayala latsopanolo. Matayala ambiri ali ndi muvi, ndipo muviwo uloze kumene gudumu limazungulira njinga ikamapita kutsogolo. Ngati mwalitembenuza, lichotseni mubwereze.

Tsono tifike pa chinthu chachikulu. Njinga zazing'ono zambiri, monga Bajaj Boxer ndi Honda CG125 zakale, buleki yake ili m'kati mwa gudumu. Mapadi a buleki amakhala pa mbale yachitsulo imene imatseka mbali imodzi ya gudumulo. Mbaleyo ili ndi mpata, ndipo pa mwendo wa foloko pali kachitsulo kotuluka ngati dzino. Dzino limenelo liyenera kulowa mu mpatawo. Ndilo lokha limaletsa mbale kuzungulira pamodzi ndi gudumu pamene mwagwira buleki. Choipa chake n'chakuti gudumu litha kulowa, nati n'kumangika bwino lomwe, dzino lili panja, ndipo munthu sazindikira kanthu kufikira atagwira buleki pamtsetse. Pamenepo mbale imatembenuka ndi kukoka waya wa buleki. Wayayo amaduka, kapena gudumu limaima mwadzidzidzi, wokwera n'kudumpha chiwongolero. Chifukwa chake gwadani muone ndi maso anu kuti dzino lalowadi. Kungopapasa ndi chala sikukwanira.

Pamene mukuika mbaleyo, onaninso timano tiwiri timene timayendetsa waya wa wotchi yosonyeza liwiro. Tiyenera kukhala m'malo mwake m'gudumu. Mbale ikakana kukhala bwino, musaimenye ndi hamala. Itembenuzeni pang'ono mpaka igwere yokha.

Mbali ina ya gudumu kumakhala kachitsulo konga mphete yaitali, kamene kamadzaza mpata pakati pa belingi ndi foloko. Kameneka ndi kamene kamakonda kugubuduzika n'kutayika mu udzu. Musayende popanda iko. Popanda iko nati imapanikiza miyendo ya foloko, gudumu limakhala chopendekera, ndipo mabelingi amatha masiku owerengeka.

Pukutani ekiselo, muipake girizi pang'ono chabe, ndipo muilowetse ndi dzanja kuchokera mbali imene inatulukira. Girizi asakhudze mapadi, pakuti buleki yamafuta siigwira. Musanalimbitse nati, lumikizani waya wa buleki, zungulitsani gudumu, gwirani buleki, ndipo mumange nati buleki ili chigwirire. Motero mapadi amakhala pakati bwino. Apa mnzanu angakuthandizeni. Mangani kolimba ndi sipanala yoyenera, osati pulayala, koma osadumphirapo ndi mwendo monga achitira ena. Ngati nati yanu ili ndi mipata ya pini, ikani pini yatsopano ndi kupinda miyendo yake. Msomali wadzimbiri si pini.

Njinga zina zili ndi mabauti aang'ono pansi pa foloko ogwira ekiselo. Amenewa ndi omalizira. Chotsani chipika, gwirani buleki, ndipo mukankhire chiwongolero pansi kanayi kapena kasanu kuti miyendo ya foloko iwongoke, ndiye muwamange.

Eni njinga za buleki ya disiki akumbukire ziwiri: asafinye chogwirira buleki gudumu lili kunja, chifukwa mapadi amatsekana, disiki n'kukanika kulowa, ndipo akabwezera gudumu afinye kangapo mpaka chogwiriracho chilimbe. Kufinya koyamba kawirikawiri kumangopita pachabe, ndipo si bwino kuzindikira zimenezi mwana ali kudutsa pamsewu.

Pa buleki yawaya, nsonga ya chogwirira iziyenda mamilimita 10 mpaka 20 buleki isanayambe kugwira. Mpweya wa m'tayala muuyese ndi geji monga mwalembedwa pa njinga yanu kapena m'buku lake.

Musanakweze munthu kapena thumba la chimanga, kankhani njinga ndi manja n'kugwira buleki, kenaka muyende nayo pang'onopang'ono pabwalo, kuimaima kangapo. Mukayenda mtunda wa makilomita owerengeka, tsikani muyesenso nati ndi sipanala.