Wagona, koma thupi lako likugwirabe ntchito



Ramadhan yapitayi ndinali kwathu ku Manyamula. Mng'ono wanga anali ndi pulani yake: daku osadya, akaswali Fajr n'kubwereranso pamphasa mpaka Dhuhr. Nditamufunsa anati, "Achimwene, ine sindikulima, sindikupalasa njinga kupita ku boma, ndiye mphamvu zithera kuti?" Tsiku lachitatu, chakumadzulo, anachita chizungulire pochokera kumjigo, mutu uli waa. Anamasula swaumu dzuwa lisanalowe.

Funso lake ambiri tili nalo, choncho tiyeni tiliyankhe.

Pa mphamvu zonse zimene munthu wosagwira ntchito yakalavulagaga amagwiritsa ntchito patsiku, magawo 60 mpaka 70 pa 100 alionse amathera pongosunga moyo. A sayansi amazitcha basal metabolic rate. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku. Impso zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi, ambiri n'kuwabwezera m'thupi. Ubongo ndi magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya pafupifupi magawo 20 a mphamvu zimene timagwiritsa ntchito titangokhala. Zonsezi sizipuma chifukwa choti iwe wafunda chitenje.

Ndiye ukamasala, mphamvuzi zimachokera kuti? Poyamba thupi limatapa shuga amene chiwindi chinasunga. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono. Ikamachepa, thupi limadalira kwambiri mafuta. Amene walumpha daku wayamba kutapa nkhokweyi kuyambira usiku, ndipo madzi akhala akutayika popuma ndi m'thukuta. N'chifukwa chake ikamafika Asr amakhala atatheratu.

Ku madrasa tinaphunzira kuti Mtumiki (SAW) anatilimbikitsa kudya daku ndi kulichedwetsa kufikira pafupi ndi Fajr. Ndili mwana ndinkangoloweza. Pano ndikumvetsa.

Daku silifuna zodula ayi. Phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, mbatata, nyemba zotsala dzulo, ndi madzi okwanira. Izi zimagayika pang'onopang'ono, kusiyana ndi tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi. Amene ali ndi matenda a shuga kapena ndi woyembekezera, ayambe wafunsa kuchipatala komanso kwa asheikh asanasale.

Usiku uno musanagone, ikani dzanja pachifuwa. Simunaupemphe mtimawo kuti uzigunda, ndipo simuulipira. Nenani Alhamdulillah, mutchere alamu ya daku, mudzutsenso amene mumagona naye nyumba imodzi.

Allah atilandire swaumu zathu. Ameen.