Usanatsegule Botolo, Tukula Mlomo wa Galu Wako

Mphwanga, mayi ako andiuza kuti watenga kagalu, ndipo malipiro ako oyamba wagulira mabotolo a mavitamini ndi ufa wa kashiamu. Mtima umenewo ndi wabwino. Ambiri kwathu kuno galu amangomuponyera mkute, n'kumayembekeza kuti awalondera usiku wonse. Koma khala pansi ndikuuze za galu wanga Tayiga, chifukwa njira wayambayi ndinaiyenda kale.

Tayiga ndinamutenga ali ndi milungu 6. Posakhalitsa anayamba kuwonda, ubweya unayima, mimba yokha n'kutupa ngati kamphika. Wogulitsa m'sitolo ina anandiuza kuti akusowa mavitamini, ine n'kugula. Ndinkamudonthezera m'phala m'mawa uliwonse, osaphonya. Patatha milungu iwiri anali gone pakhonde, mutu osatha kuudzutsa. Mlangizi wa ziweto atabwera, za botolo lija sanafunse n'komwe. Anangotukula mlomo wa kagaluko n'kundionetsa nkhama: zinali mbuu, ngati ufa woyera. Njoka zam'mimba, zija zimaluma matumbo n'kumayamwa magazi, zinali zitamumaliza. Mankhwala ake anali otsika mtengo kuposa botolo langa lija. Anafa usiku womwewo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Choncho yamba ndi nkhama. Za galu wathanzi zimakhala zofiirira ndi zonyowa. Zikayera, ganizira njoka zam'mimba kapena matenda obwera ndi nkhupakupa, ndipo thamangira kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Ana agalu amapatsidwa mankhwala a njoka kuyambira ali ndi milungu iwiri, n'kumabwereza milungu iwiri iliyonse kufikira atakwanitsa milungu 8, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, ndipo akakula, miyezi itatu iliyonse. Za katemera wa chiwewe sindikufuna n'kukambirana komwe. Ku Blantyre a Mission Rabies akhala akubaya agalu kuyambira 2015, ku Lilongwe kuli a LSPCA, ndipo ku ofesi ya zaulimi ya kwanuko akuuza tsiku lobaya. Funsanso za katemera wa parvo, matenda aja amatsegula m'mimba ana agalu mpaka magazi. Ndalama yako iyambe yapita kumeneko.

Ukatero, yang'ana m'mbale. Nsima ndi gaga zimadzaza mimba, koma sizimanga mnofu kapena fupa. Chimene agalu athu ambiri akusowa chili pamsika, osati m'botolo: usipa, bonya, matemba, dzira lophika, zam'kati mwa nkhuku kapena mbuzi, kuphatikiza dzungu kapena masamba ophika pang'ono. Nsomba zing'onozing'onozi ndimazilemekeza kwambiri. Galu amazidya ndi minga yomwe, motero amapezamo kashiamu, komanso mafuta aja amagulitsidwa modula m'makapisozi. Uziziphika, ndipo usathiremo mchere kapena anyezi.

Pa kashiamu mpamene anthu amagwa mbali zonse ziwiri, ndiye undimvetsetse. Nyama yopanda fupa ili ndi fosifolasi wambiri, kashiamu wochepa zedi, pamene thupi la galu limafuna kuti kashiamu aziposa fosifolasi pang'ono. Kagalu kongodya nsima ndi mnofu, thupi lake limayamba kukumba kashiamu m'mafupa ake omwe. Miyendo imakhota, kamayenda motsimphina, ndipo kangathyoke pongodumpha pakhonde. Kwa galu wamkulu wodya zophika pakhomo, zigoba za mazira zimathandiza: uziwiritse, uziyanike, usinje mpaka zikhale ufa wosalala, n'kuthira pafupifupi theka la supuni ya tiyi pa theka la kilogalamu ya nyama. Mafupa a nkhuku ophika asiye, amasweka mosongoka n'kubaya matumbo.

Mbali inayo ndi imene ikundidetsa nkhawa, poti ndamva kuti kagalu kakoko n'ka mtundu waukulu. German Shepherd, Rottweiler, Boerboel, akakhala aang'ono matumbo awo sadziwa kukana kashiamu wopitirira. Amangomulowetsa yense. Zotsatira zake mafupa ndi mfundo zimakula mopotoka, ndipo kulumala kwake kumakhala kwa moyo wonse. Mwini wake n'kumati galu wanga ndinamusamala, pamene wamupundula ndi supuni yake yomwe. Ngati ukumupatsa chakudya cha m'thumba chopangira ana agalu, ufa wagulawo usathiremo ngakhale pang'ono. Werenga thumbalo. Mawu akuti complete akutanthauza kuti zonse zofunika zilimo kale, pomwe complementary n'chongowonjezera chimene sichingakhale chakudya pachokha. Matumba ochokera ku South Africa amakhala ndi nambala yoyamba ndi V, kusonyeza kuti analembetsedwa pansi pa lamulo lawo la Act 36 la 1947. Zoyezedwa m'timapepala topanda dzina, zosadziwika tsiku lotha ntchito, zisiye pomwepo.

Mlongo wako ali ndi mphaka, ndiye izi ukamuuze. Mphaka ndi mlenje, thupi lake linapangidwira nyama basi. Pali chinthu china chotchedwa taurine, chopezeka mu nyama, mu mtima ndi mu nsomba. Galu amatha kudzipangira m'thupi, mphaka sapanga chokwanira. Chikasowa, maso amachita khungu pang'onopang'ono ndipo mtima umafooka. Mu 1987 dokotala wa ziweto Paul Pion ndi anzake a ku University of California, Davis, anaonetsa kuti matenda a mtima amene ankapha amphaka ambiri ku America ankayamba chifukwa cha kuchepa kwa taurine m'zakudya zogula, ndipo opanga zakudyazo anayamba kuwonjezera. N'chifukwa chake mphaka sayenera kukulira chakudya cha agalu. Wakumudzi amapulumukira mbewa. Wam'tauni wotsekeredwa m'nyumba, wongodya nsima yonyowetsa ndi msuzi, ndiye ali pangozi.

Chiwindi mphaka amachikonda mpaka kukana zina zonse, koma chili ndi vitamini A wochuluka, amene satuluka ndi mkodzo. Akamadya tsiku ndi tsiku, mafupa a m'khosi amamera mphukira n'kuuma, mpaka amalephera kutembenuka kuti adzinyambite. Kachidutswa kamodzi pa mlungu n'kokwanira. Nsomba zina zaziwisi zimawononga vitamini B1 m'thupi, koma moto umathetsa vutolo. Mkaka wa ng'ombe amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba.

Tsono za m'kabati ya mankhwala a anthu. Panado amapha mphaka, ngakhale m'bulu umodzi. Brufen amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso. Mapiritsi owonjezera magazi aja amayi oyembekezera amalandira kusikelo, kagalu kakawameza ambiri ndi poizoni. Mavitamini ena otafuna amatsekemeretsedwa ndi xylitol, amene amagwetsa shuga wa galu mwadzidzidzi. Vitamini D akachuluka amapha impso. Vitamini C usataye naye ndalama, agalu ndi amphaka amadzipangira okha m'chiwindi. Udzamvanso anthu akuti adyo amachotsa njoka zam'mimba. Usawamvere. Adyo ndi anyezi amaswa maselo ofiira a magazi, ndiye ukhala ukuthira madzi m'nyumba yodontha kale.

Sindikunena kuti botolo lililonse n'lachabe. Galu woyamwitsa, wochira ku matenda aakulu, kapena wokalamba amene mawondo ayamba kuuma, angafune chowonjezera. Kwa okalambawo mafuta a nsomba ali ndi umboni wabwinopo kusiyana ndi glucosamine amene amatsatsidwa kwambiri. Komabe chothandiza kuposa zonsezi n'kusamunenepetsa. Pa kafukufuku wina wa ku America, wofalitsidwa mu 2002, anatsata agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse. Amene ankapatsidwa chakudya chochepera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa abale awo, ndipo nyamakazi inachedwa kuwagwira. Sisita galu wako m'nthiti. Uzizimva pansi pa zala popanda kukanikiza, koma zisamaonekere patali.

Safunsa anadya phula, mphwanga. Loweruka likubwerali nyamula kagaluko pamodzi ndi mabotolo onse wagulawo, mupite kwa dokotala wa ziweto. Ukamuuze zimene kamadya kuyambira m'mawa mpaka usiku, osabisa ngakhale makoko a m'poto. Akakakweze pasikelo, akakapatse mankhwala a njoka molingana ndi kulemera kwake, ndipo tsikulo ulilembe pakalendala. Botolo limene angakuloleze, umufunse kuti n'lothana ndi vuto liti, muyezo wake ndi wotani, ndipo udzasiya liti. Pobwerera udzere kuno ndidzakaone, ndakusungira kathumba ka bonya.