Magemu a Windows apaintaneti pa Linux: zoyenera ndi zosayenera

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, ndipo makompyuta ambiri amene akadali ndi mphamvu zawo bwinobwino akukanidwa Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. Ena atembenukira ku Linux, yomwe ndi yaulere ndipo aliyense akhoza kuona mmene inalembedwera. Kwa wokonda magemu funso limakhala limodzi: nanga gemu ija timasewera ndi anzathu usiku idzatseguka?

Nthawi zambiri imatseguka. Pulogalamu ya Wine, yomwe inayamba mu 1993, imamasulira zimene gemu ya Windows ikupempha kuti Linux izimve. Mu Ogasiti 2018 kampani ya Valve, mothandizana ndi CodeWeavers, inatulutsa Proton, yomwe ndi Wine yemweyo atamuwonjezera zida monga DXVK, yosandutsa malamulo a zithunzi a Direct3D kukhala a Vulkan. Steam Deck, kakompyuta kam'manja kosewerera magemu, itafika mu 2022 ikuyendera Linux, ntchitoyi inapita patsogolo kwambiri. Lero gemu yapaintaneti ikakana, vuto silikhala kwenikweni la Linux. Limakhala la eni gemuwo amene sanafune.

1. Musanafufute Windows

Choyenera: lembani mayina a magemu amene mumasewera, kenako mufufuze imodziimodzi pa ProtonDB ndi pa Are We Anti-Cheat Yet. Ku ProtonDB osewera amanena mmene gemu yawayendera, ndipo imapatsidwa mlingo kuyambira Platinum, Gold, Silver, Bronze mpaka Borked, yomwe ndi yokanikiratu. Werengani malipoti a miyezi yaposachedwa, makamaka a anthu amene khadi lawo la zithunzi likufanana ndi lanu.

Chosayenera: kungoona mlingo n'kutseka tsambalo. GTA V imayenda bwino mukamasewera nokha, koma kuyambira Seputembala 2024, pamene Rockstar, mwini gemuyo, inaika pulogalamu yogwira obera ya BattlEye, mbali ya GTA Online sinalolenso anthu a pa Linux. Amene analemba kuti gemuyo ikuyenda sananame. Iye sanalowe kumene inu mukufuna kulowa.

2. Nkhani ya mapulogalamu ogwira obera

Apa ndiye pagona nkhani. Magemu opikisana amakhala ndi pulogalamu yoyang'anira kuti wina asabere, monga kuona adani kuseri kwa khoma kapena kuombera mosaphonya. Ambiri mwa mapulogalamuwa amalowa mu kernel, mkatikati mwa Windows momwe zonse zimalamulidwira. Wine alibe kernel ya Windows; amagwira ntchito pamwamba ngati pulogalamu wamba. Zili ngati mlonda wa pageti amene anauzidwa kuti azilowetsa okhawo ovala yunifomu: ngakhale muchite kulankhula Chingerezi chothyakuka, bwana akapanda kumuuza za inu, geti silitseguka.

Choyenera: dziwani amene ali ndi kiyi. Mu Seputembala 2021 Easy Anti-Cheat, ya kampani ya Epic Games, komanso BattlEye analengeza kuti akhoza kugwira ntchito ndi Proton, koma anasiyira mwini gemu aliyense kuti asankhe yekha kutsegula kapena ayi. N'chifukwa chake Elden Ring imalola kusewera paintaneti pa Linux pomwe Fortnite, ya Epic yomweyo, siilola. Valorant, yomwe imatetezedwa ndi Vanguard ya Riot Games, siinayendepo. Okonda mpira adziwiretu kuti EA Sports FC nayo imakana chifukwa cha pulogalamu yoteteza ya EA. Eni magemuwa amati pa Linux munthu akhoza kusintha kernel mmene wafunira, choncho wobera amabisala mosavuta. Mfundoyi ili ndi choona chake. Koma ine ndimaona kuti nkhani ya ndalama ilimonso: osewera pa Linux ndi ochepa poyerekeza ndi a pa Windows, ndipo kuwatsekera kunja n'kotchipa kuposa kulemba anthu ntchito yowayang'anira.

Chosayenera: kudumpha mpanda. Mudzapeza mavidiyo olonjeza kafayilo konamiza pulogalamu yotetezayo kuti muli pa Windows. Kompyuta ya kuseva siisiyanitsa munthu wongofuna kusewera ndi wobera. Onse amaoneka ngati asokoneza gemu. Bungie inalemba poyera kuti amene ayesere kulambalala chiletso cha Destiny 2 pa Proton adzatsekeredwa akaunti. Akaunti ya zaka zambiri, ndi zonse munagulamo, ikhoza kupita usiku umodzi, ndipo kudandaula sikumaphula kanthu.

3. Ndalama zanu

Choyenera: gulani pa Steam ngati gemuyo ilipo, ndipo muiyese msanga. Steam imabweza ndalama ngati sipanathe masiku 14 chigulireni ndipo simunasewere kupitirira maola 2. Pa maola awiriwo musachedwe ndi kusankha tsitsi ndi zovala za munthu wanu. Lowani m'bwalo lenileni lapaintaneti muone ngati seva ikulandirani.

Chosayenera: kuganiza kuti yoyenda lero idzayendabe mawa. League of Legends inkaseweredwa pa Linux kwa zaka zambiri mpaka 2024, pamene Riot inaikamo Vanguard. Apex Legends inali yovomerezeka pa Steam Deck, koma mu Okutobala 2024 EA inatseka khomo. Anthu amene anathira ndalama pa zovala ndi mfuti zokongoletsa anangotsala kukamwa yasa. Ngati mwini gemu sananenepo poyera kuti akulandira osewera a pa Linux, musamwazemo ndalama zambiri.

4. Khadi la zithunzi

Choyenera: onetsetsani kuti khadi lanu limagwira Vulkan ndipo driver wake ndi watsopano. Makadi a AMD ndi Intel amagwiritsa ntchito Mesa, yomwe imabwera kale ndi Linux. A Nvidia amafuna driver wa kampaniyo, ndipo pa Linux Mint kapena Ubuntu mumamuika kudzera pa pulogalamu yoyang'anira ma driver.

Chosayenera: kuyembekezera zozizwitsa. Laputopu imene inkatsimphina ndi gemuyo pa Windows idzatsimphinabe.

5. Poikira gemu

Choyenera: lolani mapulogalamu opangidwira ntchitoyi akugwirireni. Za pa Steam, Proton amazisamalira yekha. Za ku Epic ndi GOG pali Heroic Games Launcher. World of Warcraft ndi zina za Battle.net ambiri amaziika ndi Lutris kapena Bottles, pomwe osewera Final Fantasy XIV ali ndi XIVLauncher. Iliyonse imapangira gemu kafoda kakekake kotchedwa prefix, momwe muli drive_c yongoyerekeza, ndi Program Files yake ndi registry yake. Gemu iliyonse ikhale ndi prefix yakeyake, kuti imodzi ikasokonekera isakokere zinzake m'dzenje. Ndipo musanavutike ndi zonsezi, onani kaye ngati gemuyo ilibe kale mtundu wa Linux: Dota 2 ndi Counter-Strike 2 sizifuna Proton n'komwe.

Chosayenera: kutsegula Wine ndi sudo, kapena kukopera lamulo lalitali lomwe simukulimvetsa n'kulimata mu terminal. Pali bodza lofala lakuti pa Linux kulibe mavairasi, choncho munthu akhoza kutsegula fayilo ya exe iliyonse. Wine si mpanda wotchinga. Mu prefix wamba muli drive Z:, yomwe imaloza mafayilo onse a kompyuta yanu, kotero pulogalamu yoipa yobisala mu gemu yakuba ikhoza kuwerenga kapena kuononga zithunzi ndi zikalata zanu monga mmene ikanachitira pa Windows. Mukaipatsa sudo ndiye mwaipatsa zonse.

6. Hard disk yokhala ndi magemu akale

Choyenera: magemu akhale pa gawo la ext4 kapena btrfs. Ngati muli nawo kale pa Windows ndipo bandulo siikulolani kudawunilodanso magigabaiti 80, koperani foda ya gemuyo kupita ku steamapps/common ya pa Linux, kenako muuze Steam iike gemuyo. Idzapeza mafayilowo n'kungotenga zosowa.

Chosayenera: kuloza Steam ya Linux pa gawo la NTFS lomwe Windows ikugwiritsa ntchito. Zimatheka, koma ndi gwero la mavuto osadziwika mutu wake: mudina Play, batani lisintha kwa kanthawi, kenako libwerera pa Play osanena chilichonse. Chifukwa china n'chakuti prefix imakhala ndi timafayilo tolozera totchedwa c: ndi z:, ndipo madontho awiriwo Windows siiwalola m'dzina la fayilo. Chinanso ndi Fast Startup, yomwe imasiya gawolo lili lokhomedwa mukazimitsa Windows, kotero Linux imatha kungowerenga osalembapo.

7. Ola loyamba, bandulo ndi ping

Choyenera: pirirani. Pa tsiku loyamba Steam ikhoza kukhala nthawi yaitali ikukonza ma shader a Vulkan, ndipo gemu imadukizadukiza ikakumana ndi utsi kapena moto umene sinajambulepo. Zimachepa mukamasewera. Amene amagula intaneti ya bandulo adziwe kuti Steam imadawunilodanso ma shader okonzedwa kale nthawi ndi nthawi. Mukhoza kuzimitsa zimenezi pa Settings, pansi pa Downloads.

Chosayenera: kunamizira Linux mlandu wa netiweki. Zithunzi zikamayenda bwino koma mdani n'kumalumphalumpha, vuto ndi mtunda wa pakati pa inu ndi seva. Wosewera ali ku Lilongwe kapena ku Chipata akalumikizidwa ku seva ya ku Europe, ping imakwera kaya ali pa Windows kaya pa Linux. Dota 2 ndi Counter-Strike 2 zili ndi maseva ku South Africa. Sankhani amenewo, ndipo ngati n'kotheka lumikizani kompyuta ku rauta ndi chingwe m'malo mwa Wi-Fi.

8. Ikakana kutseguka

Choyenera: sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Yambani ndi Proton amene Steam yasankha. Akakana, pitani pa Properties, Compatibility, musankhe Proton Experimental. Mavidiyo a m'gemu akamaoneka mizeremizere ya mitundumitundu, yesani GE-Proton, amene amakhala ndi zowerengera mavidiyo zomwe Valve siimaika. Kulemba PROTON_LOG=1 %command% pa Launch Options kumachititsa kuti mu foda yanu yaikulu mubwere fayilo yofotokoza pamene zinathera. Popempha thandizo, tumizani fayiloyo, mutchule Linux yanu, khadi lanu ndi Proton amene mwayesa.

Chosayenera: kuunjika malamulo asanu ndi limodzi otola uku ndi uku pa Launch Options, ambiri analembedwa zaka zapitazo pa mavuto omwe anatha kale. Musathamangirenso kufufuta foda ya gemu mu compatdata, momwe Steam imasunga ma prefix, musanasunge zimene zilimo, chifukwa magemu ena amasunga makonzedwe a mabatani ndi pomwe mwafika m'menemo.

9. Ngati gemu yanu ili m'gulu lokana

Choyenera: sungani Windows pa gawo lina la hard disk, kapena pa disk yakeyake, muzisankha poyatsa kompyuta. Palibe chamanyazi. Ena okonda Linux amalankhula ngati ndi tchimo, koma anzanu akudikirani m'bwalo sakusamala za zimenezo. Ikani Windows poyamba, Linux pambuyo. Mukaona kuti wotchi ya Windows yatsalira ndi maola 2, ndi chifukwa chakuti Linux imasunga nthawi ya UTC pomwe Windows imayembekezera nthawi ya kwanuko. Ikonzeni, popeza wotchi yolakwika imalepheretsa kulowa mu akaunti zina.

Chosayenera: kuika Windows mu virtual machine n'cholinga chosewera Valorant kapena magemu ena opikisana. Mapulogalamu ogwira obera amazindikira makina ongoyerekeza. Ena amangokutulutsani, ena amatseka akaunti.