Njinga, msewu ndi sadaka ya tsiku ndi tsiku

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), banja lake ndi Maswahaba ake.

Ambiri mwa ophunzira athu amafika pasukulu pano pa njinga, ena yawoyawo, ena yobwereka kwa amalume, ena atakwezedwa pakaliyala ndi anzawo. Makolo ambiri nawonso chakudya cha pakhomo chimachokera pa njinga: ena ndi akabaza, ena amapita nayo kunyanja kukapikula usipa, ena amanyamulira chimanga kupita kuchigayo. Ola limene timakhala pamsewu m'mawa ndi madzulo ndi gawo la moyo wa Msilamu, ndipo Chisilamu sichinalisiye lopanda malangizo. Phunziro lathu likukhudza funso limene wopalasa aliyense amakumana nalo: ukaona munthu ataima m'mbali mwa msewu, njinga atayigadamitsa, kapena thumba la chimanga litamugwera, uime kapena upitirire?

Mu Hadith imene inalandiridwa ndi Imam Bukhari ndi Imam Muslim kuchokera kwa Abu Huraira (RA), Mtumiki (SAW) anaphunzitsa kuti mfundo iliyonse ya m'thupi la munthu imafunika kuiperekera sadaka tsiku lililonse. Potchula njira zoperekera sadakayo, anatchulapo kuthandiza munthu kukwera pa chokwera chake ndi kumukwezera katundu wake. M'masiku amenewo chokwera chinali ngamira, bulu kapena hatchi. Kwathu kuno ndi njinga. Mayi amene akulimbana ndi mtolo wa nkhuni umene wapendekera mbali imodzi, ukamugwirira handulo kuti amange bwino mphira, wachita chimene Hadithyo ikunena. Sadaka imeneyi safunsa ngati uli ndi ndalama m'thumba, choncho wophunzira wa Fomu 1 angathe kuipereka chimodzimodzi ndi mwini golosale.

Qur'an yolemekezeka imam'tchula kawirikawiri munthu wa paulendo. Mu Surat An-Nisa ndime 36 ali pamndandanda umodzi ndi makolo, abale, ana amasiye, masikini ndi oyandikana nawo nyumba, monga anthu ofunika kuwachitira zabwino, ndipo m'ndime yomweyo mulinso mnzako amene uli naye pambali. Mu Surat At-Tawba ndime 60 wapaulendo ndi mmodzi mwa magulu 8 oyenera kulandira Zakaat. Maulama amafotokoza kuti ngakhale munthu wolemera kwawo, akasowa pogwira ali paulendo, amalowa m'gulu limeneli. Izi nzomveka kwa aliyense amene tayala linamuphwerapo pakati pa tchire. Ungakhale ndi ng'ombe khumi kumudzi, koma pamenepo chimene ukusowa ndi pampu.

Mbiri ya Mtumiki (SAW) ili ndi zitsanzo za momwe anthu oyenda limodzi ankasamalirana. Paulendo wa ku Badr m'chaka cha 624, Asilamu oposa pang'ono 300 anali ndi ngamira pafupifupi 70 zokha, moti ankakwera mosinthana, atatu kapena anayi ngamira imodzi. Anzake a Mtumiki (SAW) atamupempha kuti iye azingokwera iwo aziyenda pansi, anakana, nayenda gawo lake monga wina aliyense. Imam Abu Dawud analandiranso nkhani yakuti paulendo Mtumiki (SAW) ankatsalira kumbuyo kuti azilimbikitsa ofooka, kuwakweza kumbuyo kwake ndi kuwapangira duwa. Anyamata athu amene mumachoka pachipata ngati mwathamangitsidwa ndi njuchi, kusiya mnzanu wa njinga yothothoka tcheni akubwera yekha mdima ukugwa, nkhani iyi ikukukhudzani. Pagulu la ophunzira ochokera mudzi umodzi, amene ali ndi mphamvu ndi njinga yabwino ndiye woyenera kukhala kumbuyo.

Nkhani imene tikufuna tikhalepo pang'ono ndi ya mayi wathu Umm Salama (RA). Pa nthawi ya Hijra, abale ake anamulekanitsa ndi mwamuna wake Abu Salama, amene anatsogola ku Madina. Patapita pafupifupi chaka anamulola kupita, ndipo ananyamuka pa ngamira ali yekha ndi mwana wake wamng'ono, pa ulendo wa makilomita oposa 400 wodutsa m'chipululu. Atafika pa Tan'im, kunja pang'ono kwa Makka, anakumana ndi Uthman ibn Talha. Munthuyu pa nthawiyo sanali Msilamu. Atamva kuti mayiyo alibe womuperekeza, anagwira chingwe cha ngamira ndi kuyamba kuitsogolera. Akafika popumulira ankaigwaditsa ngamirayo, iye n'kupita patali kuti mayiyo atsike momasuka, ndipo ankakagona pansi pa mtengo payekha. Nthawi yonyamuka ikakwana ankaikonza ngamira, n'kupatukanso mpaka mayiyo atakwera. Anachita zimenezi mpaka anafika ku Quba, pafupi ndi Madina, kumene anamulozera mudzi umene munali mwamuna wake, iye n'kubwerera ku Makka. Umm Salama (RA) sanaiwale ulemu wa munthuyu moyo wake wonse. Uthman ibn Talha anadzalowa Chisilamu patapita zaka, ndipo Makka itagonjetsedwa Mtumiki (SAW) anasiya kiyi wa Ka'ba m'manja mwake.

Tikaiyang'ana bwino nkhaniyi, wothandizayo sanafunse chipembedzo cha wovutikayo, ngakhale kuti anthu a kwawo anali pa udani ndi Asilamu. Nafenso pamsewu sitiyang'ana ngati munthu wavala kofiya kapena wanyamula Baibulo tisanamubwereke pampu. Komanso thandizo lake linali laulemu: sanatengerepo mwayi pa mayi amene analibe womuteteza. Pano tikulankhula ndi anyamata athu, ndiponso abambo. Kukweza mtsikana pa njinga kuti pambuyo pake uzimuvutitsa ndi mawu achikondi, kapena kumuwerengera maulendo amene unamukweza ngati ngongole, si sadaka ayi, ndi msampha. Atsikana athu, muli ndi ufulu wokana kukwezedwa ndi munthu amene simukumukhulupirira, ngakhale mutatopa, ndipo wina akayamba kukukumbutsani za thandizo lake mwanjira yotero, uzani makolo kapena aphunzitsi aakazi tsiku lomwelo. Koma manyazi asatipangitse kusiya mayi kapena mtsikana atagwa akutuluka magazi poti ndife amuna. Pangozi moyo ndiwo umayamba. Ngati pali amayi pafupi aitaneni, ngati palibe thandizani.

Akuluakulu athu amati kupatsa n'kuika, ndipo pamsewu mwambiwu umaoneka kuti ndi woona: amene wam'patsa chigamba lero ndi amene adzakupeze mawa sipoko itathyoka. Akabaza amaudziwa bwino, n'chifukwa chake mnzawo akawonongekeredwa amasonkhana mosaitanidwa. Komabe Msilamu amapitirira pamenepo. Mlendo wochokera ku Namwera amene wamuthandiza pamsewu wa ku Liwonde mwina sudzaonananso naye. Ngati niya yako inali yoti adzakubwezere, wataya nthawi. Ngati inali yofuna chikondi cha Allah, malipiro ake alembedwa kale, athokoze kapena asathokoze.

Mtima wofuna kuthandiza wopanda luso nthawi zina umangowonjezera anthu oonerera. Wophunzira aliyense wopalasa njinga ayenera kudziwa kumata chubu. Mukachotsa chubu, chipopeni pang'ono ndi kufufuza pobooka pochiviika m'madzi, kapena pochiyandikiza patsaya ngati madzi palibe. Palani pamalopo kuti pakhale pokhakhala, pakanipo solushoni, ndipo dikirani aume kaye musanaike chigamba. Ambiri amalakwitsa apa chifukwa cha changu, chigamba n'kumatuka asanayende n'komwe. Musanabwezere chubu, yendetsani zala mosamala m'kati mwa tayala, chifukwa munga kapena kawaya kamene kanaboola kamakhala kadakali momwemo. Sipanala imodzi, zigamba ziwiri, solushoni ndi mphira wautali sizilemera m'chikwama cha mabuku. Ndipo mukamathandiza, kokerani njinga zonse kunja kwa msewu. Kukonzera njinga pa phula, makamaka pokhota kapena kuseri kwa chitunda, n'kuitana ngozi yachiwiri.

Pa ngozi yeniyeni pafunika kudekha. Munthu amene wagundidwa ndi galimoto kapena wagwa mwamphamvu, ndipo akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo, musamudzutse kapena kumukhazika pakaliyala. Kumunyamula molakwika kungamupuwalitse moyo wake wonse. Msiyeni chigonere pokhapokha ngati pamalopo pali chiopsezo china, wina aimitse magalimoto, wina akaitane akuluakulu ndi kufuna galimoto. Ngati magazi akutuluka kwambiri, panikizani pabalapo ndi nsalu yoyera osasiya, manja anu mutawaveka jumbo ya pulasitiki. Musathire dothi, mafuta a galimoto kapena mankhwala otsukira mano pabala. Munthu wokomoka musamumwetse madzi, angatsamwe. Ngati akupuma, mugonekeni chammbali mosamala, mutu ndi khosi zikhale mowongoka. Chinthu china chimene chafala masiku ano ndi kutulutsa foni n'kuyamba kujambula wovulala kuti zithunzi zipite pa WhatsApp. Kumeneku n'kumuvula munthu ulemu pa nthawi imene sangathe kudziteteza, ndipo mayi ake akhoza kumva za ngoziyo kudzera pa chithunzi chanucho.

Tikudziwa kuti makolo ena akuwerenga izi ali ndi nkhawa, ndipo nkhawayo ndi yomveka. Akabaza ena anavulazidwapo ndi kulandidwa njinga ndi anthu onamizira kufuna thandizo. Sitikuuza mwana wa zaka 14 kuti aime yekha pa malo a zii dzuwa litalowa chifukwa bambo wosamudziwa wamukodola. Pamenepo thandizo loyenera ndi kupalasa mpaka pa nyumba kapena sitolo yoyamba ndi kuuza akuluakulu kuti kumbuyoku kuli munthu wovutika. Amene wachita zimenezi sanapitirire, wathandiza monga mwa msinkhu wake. N'chifukwa chakenso timalimbikitsa kuyenda m'magulu: anthu atatu angathe kuima pamene mmodzi sangaime.

Palinso thandizo limene wolilandira sadzadziwa n'komwe. Mtumiki (SAW) anaika kuchotsa chopweteka panjira m'gulu la nthambi za Imani, ndipo anasimba za munthu amene Allah anamukhululukira chifukwa chochotsa nthambi yaminga pamsewu. Galimoto ikawonongeka kwathu kuno anthu amayala nthambi pamsewu ndi kutsekera matayala ndi miyala, zimene n'zabwino. Koma galimotoyo ikadzuka, nthambi ndi miyala zija zimatsala pomwepo. Woyendetsa lole saziona ngati kanthu, koma wa njinga wopanda nyali amene akuchokera ku Swala ya Isha akagunda mwala wotero amathyoka mkono. Kutsika n'kuukankhira kumbali sikutha mphindi imodzi.

Tsopano nkhani ya belu la sukulu, pakuti tikudziwa kuti ophunzira afunsa. Mu mpikisano wa njinga wa Tour de France wa 1913, Eugène Christophe anathyokeredwa foloko ya njinga akutsika phiri la Tourmalet. Anayenda pansi atasenza njingayo mpaka pa mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, kumene anapeza chipala cha wosula zitsulo. Lamulo linkaletsa kulandira thandizo, choncho anasula yekha foloko ija akuluakulu a mpikisano akumuyang'anira. Atamaliza anamupatsabe chilango cha mphindi zowonjezera chifukwa kamnyamata kena kanamuvukutira mvukuto. Ngakhale mu 2015, pa mpikisano wa Giro d'Italia, Richie Porte analangidwa mphindi 2 chifukwa cholandira tayala kwa Simon Clarke, mnzake wa ku Australia wa timu ina. Mpikisano uli ndi zifukwa zake zoikira malamulo otero. Koma njira ya kusukulu si mpikisano, ndipo lamulo la kusunga nthawi silinaikidwe kuti liphunzitse ana kulambalala munthu wovulala.

Maganizo athu ndi akuti wophunzira amene wachedwa chifukwa chothandiza pangozi kapena kuperekeza mnzake amene njinga yamuwonongekera, apite kwa mphunzitsi wa pa dyute asanalowe m'kalasi, afotokoze malo ndi munthu amene wamuthandiza, ndipo amvedwe asanaweruzidwe. Mbali inayo ndi ya inu ophunzira. Manja akuda ndi girisi si umboni wokwanira, pakuti aliyense angathe kugwira tcheni pachipata. Amene adzagwiritse ntchito mwayi umenewu pobisa tulo take adzakhala atanama, komanso atatsekera njira mnzake amene adzachedwe moona mawa. Ndipo sikuti vuto lililonse limafuna anthu asanu ndi mmodzi: tcheni chikathothoka, mmodzi atsale, ena pitirirani.

Kwa a komiti ya mzikiti tili ndi pempho. Pa tsiku la Jumu'a panja pa mzikiti pamadzaza njinga, ndipo apaulendo ambiri amapatukira pomwepo kudzamwa madzi ndi kuswali. Pampu imodzi yolimba, masipanala awiri kapena atatu, solushoni ndi zigamba, zitasungidwa m'bokosi kwa muadhini kapena kwa woyang'anira pamalopo, zingatumikire aliyense wodutsa, Msilamu ndi wosakhala Msilamu. Makolo amene ndi amakaniko a njinga tikukupemphani Loweruka limodzi pa teremu kuti mudzaphunzitse ana athu, anyamata ndi atsikana omwe, kumata chubu, kulumikiza tcheni ndi kumanga mabuleki. Amene angadzipereke apereke dzina lawo ku ofesi ya ahedi kapena kwa mlembi wa komiti pambuyo pa Swala ya Jumu'a, Insha Allah.